Musanagule Matailosi, Ganizirani Amene Adzapondepo

Anthu oyenda pamsewu wa M1 pakati pa Chilumba ndi Karonga amaidziwa Ngara ndi fungo la usipa woyanika pamathandala. Koma kuseri kwa mathandalawo zinthu zikusintha. Nyumba za njerwa zootcha ndi malata zikuchuluka, ndipo usipa ukaphedwa wambiri kapena malonda akayenda bwino, pamakonde ena pamaoneka makatoni osanjikizana. M'makatonimo mumakhala matailosi. Kale tinkawaona kubanki, kuchipatala ndi m'mahotela a m'tauni basi. Lero alowa pabalaza, m'magolosale, ngakhale m'matchalitchi a kumudzi.

Ife amene timadzipereka pa ntchito za umoyo mumpingo timalowa m'nyumba zambiri, ndipo maso athu anazolowera kuyamba kuyang'ana pansi. Pansi ndi pamene mwana amakwawa, pamene mayi amakhala akamasankha mpunga, pamene agogo amaponda usiku popita kukataya madzi. Choncho anthu akatifunsa kuti matailosi abwino ndi ati, sitiyamba ndi mtundu kapena maluwa ake. Timayamba ndi kufunsa kuti m'nyumbamo mumakhala ndani, chipindacho ndi cha ntchito yanji, ndiponso ngati zina zofunika kuposa matailosi zilipo kale.

Pansi pa nyumba ndi nkhani ya umoyo

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pafupifupi nyumba zitatu mwa zinayi zilizonse m'Malawi muno pansi pake ndi padothi kapena pamchenga. Ambirife tinakulira m'nyumba zotere ndipo sizochititsa manyazi. Vuto la dothi ndi limodzi: silikolopeka. Mwana akadziipitsira, nkhuku ikasiya zitosi, kapena wodwala akasanza, mayi amachotsa zooneka ndi maso n'kuwazapo phulusa, koma zotsala zimalowa m'nthaka. Mazira a njoka zam'mimba amakhala amoyo m'dothi lachinyezi kwa miyezi yambiri. Mtundu wina wa njokazi umaboola khungu la kuphazi n'kukafika m'matumbo, kumene umayamwa magazi. Matekenya nawo amaswana m'fumbi louma la m'ming'alu ya pansi. Mwana wokwawa amagwira zonsezi, kenako chala n'kupita kukamwa.

Mu 2000, boma la dera la Coahuila ku Mexico linayamba kuthira simenti pansi m'nyumba za mabanja osauka, m'ndondomeko yotchedwa Piso Firme. Akatswiri amene anaunika ntchitoyi anatulutsa zotsatira mu 2009. Anapeza kuti nyumba ikathiridwa simenti paliponse, tizilombo ta m'mimba mwa ana aang'ono timatsika ndi 78 peresenti, kutsegula m'mimba ndi 49 peresenti, ndipo kuchepa kwa magazi ndi 81 peresenti. Amayi a m'nyumbazo nawonso ananena kuti nkhawa zawo zinachepa.

Kwathu kuno umboni ulipo. Kafukufuku wa ku Ekwendeni amene anasindikizidwa mu 2001 anayerekeza ana osakwana zaka zisanu okhala m'nyumba zomangidwa ndi Habitat for Humanity ndi anzawo a m'nyumba wamba. Mpata wodwala malungo, matenda a m'chifuwa kapena a m'mimba unali wotsika ndi 44 peresenti kwa ana a m'nyumba zatsopanozo. Nyumbazo zinali ndi simenti pansi, denga labwino ndi chimbudzi, choncho zonsezi zinathandizana. Ngakhale ofufuza a ku Chilumba, pafupi nafe pompano, analemba mu 1994 kuti m'boma la Karonga anthu okhala m'nyumba zomangidwa bwino sankadwala khate kwambiri poyerekeza ndi ena. Ndipo amene tinaona kolera atabuka m'boma lino kumapeto kwa 2017, n'kubweranso mu 2022, tikudziwa kusiyana kwa kutsuka ndi kolorini pasimenti ndi kuyesa kutsuka padothi.

Taonani kuti m'nkhani zonsezi matailosi sanatchulidwe. Chimene chimateteza mwana ndi pansi polimba, popanda ming'alu, potheka kukolopa. Matailosi amawonjezera kukongola ndipo amapeputsa ntchito yoyeretsa, koma akasankhidwa molakwika amabweretsa ngozi imene padothi panalibe.

Matailosi si amodzi

Matailosi ambiri ofika kuno amalowera pachipata cha Songwe. Ena amapangidwa ku Tanzania komweko, m'mafakitale a ku Mkuranga ndi ku Chalinze, ena amachokera ku India, China ndi South Africa. M'sitolo onse amaoneka okongola, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tembenuzani limodzi muone kumbuyo kwake, ndipo werengani zolembedwa pakatoni.

A seramiki ndi amene amapezeka kwambiri. Ndi dongo lootchedwa, lopakidwa pamwamba utoto wolimba wonga galasi. Kumbuyo kwake nthawi zambiri kumakhala kofiirira ngati njerwa. Ndi otsikirapo mtengo ndiponso osavuta kudula, koma amamwa madzi, ndipo akabenthuka dongo la m'kati limaonekera.

A poseleni amapangidwa ndi dongo losalala kwambiri, lotsindiridwa ndi makina n'kuotchedwa pamoto wa madigiri pafupifupi 1,200 kapena kuposa. Madzi amene amamwa sapitirira 0.5 peresenti ya kulemera kwake. Ndi olemera, olimba ndi okwera mtengo, ndipo amayenera pakhonde, m'sitolo ndi m'tchalitchi, momwe mumaponda anthu ambiri. Mukafuna kusiyanitsa mitundu iwiriyi, dontheza madzi pang'ono kumbuyo kwa tailosi. Pa seramiki madzi amalowa msanga n'kusiya banga, pomwe pa poseleni amangokhala pamwamba.

Matailosi a pakhoma ndi opyapyala ndi osalala. Chifukwa ndi otchipa, ena amawaika pansi. Sapirira kupondedwa, ndipo akasweka amacheka phazi ngati botolo. Pamakatoni ena pamalembedwa PEI ndi nambala yofika mpaka 5, yosonyeza kupirira kwa pamwamba pake. Nambala 1 ndi 2 ndi za pakhoma kapena poponda mwa apo ndi apo, 3 ndi ya m'nyumba wamba, 4 ndi 5 ndi za malo a anthu ambiri. Kuno kumene mapazi amalowa ndi mchenga wa kunyanja, ndi bwino kusankha 4 pabalaza ndi pakhomo, chifukwa mchenga umakanda ngati sandipepa.

Palinso terazo, yomwe ndi simenti yosakaniza ndi timiyala n'kupalidwa mpaka kusalala, monga timaonera m'zipatala ndi m'nyumba zakale za boma. Imakhalitsa zaka zambiri koma imafuna mmisiri wokhala ndi makina opalira. Miyala yafulati ya m'mapiri imakongoletsa khonde ndipo siterera. Kapeti ya pulasitiki ndi yotchipa, koma ikayalidwa padothi kapena pasimenti yachinyezi, kunsi kwake kumamera nkhungu ndipo mphemvu zimapezako malo.

Chonyezimira chimaterera

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chifukwa cha kugwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Pa ngozi zopha anthu mosayembekezera, kugwa kumangoposedwa ndi ngozi za pamsewu. Munthu wachikulire akathyoka fupa la m'chiuno, kawirikawiri amafunika opareshoni ku chipatala chachikulu, ndipo ambiri sayendanso ngati kale. Mayi woyembekezera akagwa, miyoyo iwiri imakhala pachiswe.

M'maulendo athu takumanapo ndi agogo ena amene mwana wawo wa ku Joni anawamangira nyumba yabwino n'kuikamo matailosi owala ngati kalilole, kuyambira pakhonde mpaka kubafa. Atatererapo kamodzi n'kubinya mkono, anayamba kuopa nyumba yawo yomwe. Masana amakhala pamkeka kukhitchini yakale ya udzu, ndipo amasambira kuseri. Mwanayo anachita zonsezi mwachikondi, koma palibe anamuuza kuti phazi la nkhalamba limafuna pogwira.

Moyo wa kunyanja ndi wa madzi. Timalowa m'nyumba ndi ndowa pamutu, ana amabwera kosambira mapazi ali onyowa, mvula imakapiza pakhonde, ndipo magetsi akazima timayenda mumdima. Chifukwa chake kubafa, kuchimbudzi, kukhitchini, pakhonde ndi pamasitepe pamafunika matailosi okhakhala, osanyezimira. Makatoni ena amasonyeza zimenezi ndi chilembo R, kuyambira R9 mpaka R13. R9 ndi wa malo ouma okhaokha, R10 ndi R11 ndi oyenera malo onyowa a panyumba. Ngati palibe cholembedwa, pemphani tailosi limodzi, liikeni pansi, lithireni madzi, ndipo likhuteni ndi chikhatho kapena ndi patapata. Likaterera m'sitolo, lidzatereranso kunyumba sopo atagwerapo.

M'buku la Deuteronomo, chaputala 22, muli lamulo lakuti womanga nyumba yatsopano aike kampanda padenga kuti munthu asagwe. Madenga athu sitikhalapo, koma mfundo yake ndi yomweyo: mwini nyumba ali ndi udindo pa chitetezo cha aliyense wolowamo. Izi zikukhudzanso makomiti omanga matchalitchi. Pa mwambo wosambitsana mapazi madzi amatayika pansi, ndipo masitepe a dziwe lobatiziramo amakhala onyowa. Posonkha ndalama za matailosi, kumbukirani amayi ndi abambo achikulire amene amafika m'mawa kwambiri pa Sabata.

Kukongoletsa tinayamba kale

Luso lokongoletsa pansi silinabwere ndi makatoni. Amayi athu ankazira nyumba ndi dothi lakuda la kudambo, n'kukulungiza ndi mwala wosalala mpaka pansi kuwala. M'munsi mwa khoma ankajambula mizere ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda. Alendo a ku Ulaya amene anafika kumpoto kwa nyanja yathu m'ma 1870 ndi m'ma 1880 analemba mogoma za ukhondo wa midzi ya m'nthochi ya kuno, mabwalo ake osesedwa ndi nyumba zake zaudongo. Maso osankha chokongola tili nawo kale, ndipo tikhoza kuwagwiritsa ntchito posankha matailosi m'malo mongotengera zithunzi za pa Facebook.

Tiyambe ndi mtundu. Matailosi oyera mbee amaonetsa phazi lililonse, ndipo wokolopa sapuma. Akuda bii amaonetsa fumbi, ndipo pakhonde lowomba dzuwa la mwezi wa Okutobala amatentha moti mwana sangapondepo. Mitundu yonga mchenga, phulusa kapena dothi, makamaka ya mawangamawanga, imapirira moyo wa kuno. Simenti yothira m'mipata, imene amisiri amaitcha girauti, ikhale yoderako, chifukwa yoyera imada pakangopita miyezi yochepa. Pakhoma la bafa ndi la khitchini m'pamene mitundu yowala imathandiza: chipinda chimawala, ndipo litsiro likaoneka limachotsedwa msanga.

Kukula kwa tailosi nakonso n'kofunika. Akuluakulu, monga a masentimita 60 mbali zonse, amachepetsa mipata yosunga litsiro ndipo chipinda chimaoneka chotakasuka, koma amafuna pansi posalazidwa bwino kwambiri. Kubafa ang'onoang'ono ndi abwino, chifukwa mipata yambiri imagwira phazi ndipo mmisiri savutika kupendeketsa pansi kuti madzi azitsetsereka. M'nyumba yaing'ono, mtundu umodzi m'zipinda zonse umaoneka bwino kuposa chipinda chilichonse ndi wake.

Kayalidwe kali ndi njira zingapo. Kuyala mowongoka ndi kosavuta ndipo sikuwononga matailosi ambiri. Kuyala mopingasa, ngodya zikuloza kukhomo, kumakongola koma zodula zimachuluka. Mukhoza kuyala ngati njerwa za pakhoma, kapena kusinthanitsa mitundu iwiri ngati bolodi la drafuti. Njira imene timaikonda ndi ya mkeka: pakati mtundu umodzi wofatsa, m'mphepete mzere wa mtundu wina kuzungulira chipinda. Yang'anani lichero, dengu kapena mphasa yolukidwa bwino, mupeza mapatani okwanira nyumba yonse.

Mayiko ena amadziwika ndi matailosi awo. Ku Fez, m'dziko la Morocco, amisiri amasema ndi manja tizidutswa ta dongo lopaka utoto n'kutilumikiza kukhala nyenyezi, luso lotchedwa zellige. Ku Lisbon, ku Portugal, makoma a nyumba ndi matchalitchi anakutidwa ndi azulejo, matailosi ojambulidwa zithunzi, ambiri a buluu ndi oyera. Ifenso tili ndi athu. Dedza Pottery, imene inayamba mu 1987, imapanga matailosi ojambulidwa pamanja, oonetsa nyama ndi moyo wa kumudzi. Sikofunika kudzaza khoma lonse ndi amenewa. Anayi kapena asanu pamzere pamwamba pa sinki, pakati pa oyera wamba, amasintha khitchini yonse.

Zidutswa zotsala musataye. Ku Barcelona, katswiri wa zomangamanga Antoni Gaudí anakongoletsa mipando ya paki yotchedwa Park Güell ndi matailosi osweka, ndipo mpaka lero anthu amapita kukaona. Zidutswa zingakute pamwamba pa thandala la mbale la simenti, pochapira zovala kapena m'mphepete mwa khonde. Chachikulu n'chakuti nsonga zonse zimire m'simenti mofanana, pasatsale yocheka. Pomwe ana amakwawa musaikepo zidutswa.

Nthaka ya Karonga imagwedezeka

Tonse amene tinali kuno mu Disembala 2009 tikukumbukira zivomezi zimene zinatsatizana kwa masabata, chachikulu pa 19 Disembala cha mphamvu ya 6.0. Nyumba zambiri zinagwa kapena kung'aluka. Timakhala m'chigwa chimene nthaka yake imasuntha, kumatentha kwambiri, ndipo mu 2024 tinaona madzi a m'nyanja akukwera mpaka kulowa m'malo amene anthu anamangamo. Tailosi silipindika. Likaikidwa pamaziko ofooka, limasweka ngakhale likhale lodula chotani.

Choncho ntchito yeniyeni ili kunsi. Maziko akwezedwe kuti madzi a mvula asalowe m'nyumba. Dothi lothira m'kati litsindiridwe bwino pang'onopang'ono, osati kungokhuthula mulu n'kusalaza pamwamba. Pepala lakuda la pulasitiki liyalidwe konkire asanathiridwe, kuti chinyezi chisakwere. Mchenga ukhale woyera, wopanda dothi ndi zinyalala. Konkire azithiriridwa madzi masiku oyambirira, ndipo apatsidwe masabata anayi kuti akhwime matailosi asanaikidwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poika, onetsetsani zinthu izi, ngakhale simuli amisiri. Simenti yomatira ipakidwe pansi ponse ndi chopakira cha mano. Amisiri ena, pofuna kupulumutsa simenti, amaika timibulu tisanu, m'ngodya ndi pakati, n'kukanikizapo tailosi. Kunsi kumatsala mphako, momwe nyerere ndi mphemvu zimamanga, ndipo mwendo wa mpando ukagundapo tailosi limaphulika. Tsiku lotsatira gogodani lililonse ndi ndalama yachitsulo: lolira ngati ng'oma lili ndi mphako. Pakati pa matailosi pasiyidwe mpata wa mamilimita atatu kapena kuposerapo, pogwiritsa ntchito timitanda tapulasitiki. M'mphepete mwa khoma pasiyidwenso kampata kobisika ndi mzere wa matailosi a m'munsi mwa khoma. Popanda mipata imeneyi, matailosi akafutukuka ndi kutentha amakankhana n'kutukuka pakati pa chipinda. Kubafa pansi papendekeke sentimita imodzi kapena awiri pa mita iliyonse kuloza kotulukira madzi. Mmisiri asanalandire malipiro omaliza, thirani ndowa ya madzi muone kumene akupita. Madzi odikha ndi amene amabweretsa ndere, fungo ndi udzudzu.

Tisaiwale umoyo wa mmisiriyo. Fumbi lotuluka podula matailosi ndi makina lili ndi timchenga tosaoneka ndi maso timene timakakamira m'mapapo, n'kuyambitsa matenda osachiritsika a silikosisi, amene amatsegulanso khomo la chifuwa chachikulu. Azidulira panja, akuthira madzi podulapo, atavala chotchinga mphuno ndi magalasi. Ana asaonerere pafupi.

Yambani mwawerengera

Yesu, mu Luka 14, anafanizira za munthu wofuna kumanga nsanja amene amayamba wakhala pansi kuwerengera ndalama. Masamu a matailosi si ovuta. Chipinda cha mamita 3 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali ndi masikweya mita 12. Tailosi la masentimita 40 mbali zonse limakuta 0.16 ya sikweya mita, choncho pafunika 75. Onjezerani 10 peresenti ya odula ndi osweka panjira, akwane 83, ndipo ngati mukuyala mopingasa onjezerani 15 peresenti. Pakatoni pamalembedwa masikweya mita amene ali m'katimo. Gulani onse nthawi imodzi ndipo onani kuti nambala ya mtundu ikufanana pamakatoni onse, chifukwa ootchedwa masiku osiyana amasiyana maonekedwe pang'ono. Tsegulani makatoni musanakweze pagalimoto. Sungani matailosi angapo otsala, popeza mtundu umene uli m'sitolo chaka chino mwina sudzapezekanso.

Mtengo wa makatoni si mtengo wa ntchito yonse. Pali simenti yomatira, girauti, thiransipoti ndi mmisiri. Komanso katundu wochokera kunja amatsata mphamvu ya kwacha: itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri amene anagula theka poyembekeza kudzamaliza pambuyo pake anatsala ndi zipinda zosatha. Ndalama ya usipa imabwera ndi nyengo. Mwera ukaomba masiku angapo, maboti sapita panyanja, koma wakatapila sadikira kuti nyanja ichite bata. Matailosi sabereka phindu, choncho si chinthu chotengera ngongole, ngakhale ya kubanki m'khonde.

Ife timalangiza mabanja kutsata ndondomeko iyi. Choyamba chimbudzi chabwino chokhala ndi chivundikiro, ndi mpondagiya wa madzi ndi sopo pafupi. Chachiwiri denga losadontha, mawindo olowetsa mpweya ndi kuwala, ndi neti pogona aliyense. Chachitatu simenti pansi, kuyambira chipinda chogona ana. Fizi ya sukulu ndi chakudya cha chaka zikhale zosungidwa. Zikatero, matailosi abwere. Takhala tikuona nyumba zowala pabalaza pamene banja lonse likupita kutchire kapena kunyanja, ndipo kolera sayang'ana pabalaza.

Ngati ndalama zikukwana chipinda chimodzi, ambiri amasankha pabalaza kuti alendo aone. Ife timati yambani ndi bafa ndi chimbudzi, kenako khoma la pamalo okonzera chakudya, chifukwa m'pamene matailosi amagwira ntchito ya umoyo. Ndipo bambo asapite okha kusitolo. Amene amakolopa, kusambitsa ana ndi kusamalira agogo ndiye akudziwa bwino zimene pansi pamakumana nazo. Mutu umodzi susenza denga.

Ngati matailosi sangatheke

Simenti yosalazidwa bwino, yothira red oxide, yatumikira mabanja a m'Malawi kwa zaka zambiri ndipo imateteza ana mofanana ndi matailosi. Ming'alu imatidwe ikangooneka. Polishi apakidwe pang'ono m'zipinda zouma zokha, osati pamasitepe kapena kubafa. Pakhonde mmisiri asalaze ndi thabwa m'malo mwa chitsulo, kuti pakhale pokhakhala.

Ngati simenti ya nyumba yonse siingapezeke, thumba limodzi kapena awiri angakwanire silabu ya pachimbudzi ndi pobafa. Chipinda china chidzatsatira chaka chamawa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ku Rwanda, bungwe la EarthEnable lakhala likuthandiza mabanja kuyambira 2014 kupanga pansi pa dothi ndi mchenga wotsindira, n'kupakapo mafuta a zomera amene amauma n'kulimba moti pamakolopeka. Izi zikutiuza kuti chofunika ndi kutseka fumbi ndi chinyezi, osati mtengo wa chotsekeracho.

Kwa amene nyumba yawo ndi yozira, zirani kawirikawiri ndipo musalole ming'alu kukhalitsa. Wazani madzi musanasese kuti fumbi lisabuke. Nkhuku, abakha ndi mbuzi zikhale ndi khola lawo. Mwana wokwawa ayaliridwe mkeka woyera umene umayanikidwa padzuwa, ana ovala nsapato azivala popita kuchimbudzi, ndipo alangizi a zaumoyo akamagawa mankhwala a njoka zam'mimba, mwana wanu asaphonye.

Kusamalira

Matailosi safuna zambiri. Sesani kaye kuti mchenga uchoke, kenako kolopani ndi madzi a sopo wochepa, n'kupukuta ndi chikolopa chofinya. Sopo wambiri amasiya nembanemba yoterera. Polishi wa pasimenti asapakidwe pamatailosi. M'mipata tsukani ndi mswachi wakale. Asidi amadya girauti, ndipo Jik asasakanizidwe ndi asidi kapena mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, chifukwa pamatuluka mpweya wapoizoni wowononga mapapo. M'nyumba mukakhala wodwala matenda otsegula m'mimba, funsani alangizi a zaumoyo muyezo woyenera wa kolorini. Pakhomo ikani chopondera cholemera chosatsetsereka, ndipo madzi kapena mafuta akatayika apukutidwe nthawi yomweyo. Kubafa la agogo mangirirani chitsulo chogwira pakhoma ndi kampando kolimba kokhalira posamba.

Lachisanu, pokonzekera Sabata, kolopani masana dzuwa likadalipo ndi mawindo otsegula, kuti pofika madzulo pansi pakhale pouma. Musanapite kusitolo, yendani m'nyumba mwanu chipinda ndi chipinda, ndipo lembani papepala amene amapondamo: wokwawa, wothamanga, woyembekezera, woyenda ndi ndodo. Pepala limenelo mupite nalo pamodzi ndi miyezo ya zipinda, ndipo mulionetse kwa wogulitsa ndi kwa mmisiri.